Kampa ikudontha koma bowo silikuoneka

Funso: Amisiri, ndili ndi kampa (kanyumba kogonamo kokhala kumbuyo kwa galimoto) ya fibreglass pa bakkie (pikapu) yanga kuno ku Johannesburg. Mvula ikagwa, madzi amadontha pakona, pamwamba pa bedi. Ndinapakapo silikoni koma palibe chasintha. Mu Disembala ndikufuna kupita nayo kumudzi kudzera ku Beitbridge ndi Tete. Nditani?

Yankho: Achimwene, pomwe madzi akudonthera si pomwe akulowera. Amalowa kwina, n'kuyenda mobisala pakati pa denga ndi siling'i, kenako n'kutulukira potsetsereka. Mwamata pamalo osalakwa.

Tsiku lopanda mvula pezani wokuthandizani. Inu mulowe mkati ndi tochi, iye agwire paipi yamadzi panja. Ayambire m'munsi, m'mphepete mwa mawindo, n'kumakwera pang'onopang'ono, malo alionse mphindi zisanu. Akayambira pamwamba, paliponse panyowa nthawi imodzi ndipo simudziwa kuti madzi alowera pati.

Kawirikawiri vuto limakhala pa mabauti a kariyala, pachivindikiro cholowetsa mpweya, kapena pomwe waya wa sola walowera. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo dzuwa la kuno limaumitsa zomatira mpaka kung'aluka, matalala n'kudzamalizitsa. Mng'alu wake umakhala ngati tsitsi. Dinikizani ndi chala pafupi ndi bauti. Kamadzi kakuda kakatuluka, ndi pomwepo.

Silikoni padenga sindimufuna n'komwe. Watsopano sagwira pa wakale, ndipo zomatira zina sizigwira pomwe iye wadutsa. Mupaleni yense ndi chopalira chapulasitiki, pukutanipo ndi spiriti, paume bwino. Masulani bauti, ikani tepi ya butyl (tepi yomata yotchinga madzi) pansi pake, mangani, kenako pakani Sikaflex 221 (phala lomatira mipata) pamwamba. Imauma pafupifupi mamilimita 3 pa maola 24, choncho gwirani ntchitoyi m'mawa, poti mvula ya kuno imakonda kubwera chakumadzulo, ndipo galimoto ikhale mushedi masiku awiri. Ngati fibreglass yeniyeniyo yang'aluka, kumata sikuthandiza: kwechani ndi sandipepala, muikepo chigamba cha fibreglass ndi resin (guluu wake).

Tsegulaninso siling'i pomwe madzi amalowerapo, ndipo musanaitseke, bayani thabwa lamkati ndi sikuludilaiva. Ikalowa mosavuta, thabwalo laola, lisintheni musananyamuke. Bauti yomangidwa pa thabwa loola, pamwamba pali katundu wa pakariyala, siingapirire mabampu a njira ya ku Tete.