Bondo la nyamakazi silifuna kungokhala

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti adokotala anawapeza ndi nyamakazi ya m'mawondo, mapiritsi opha ululu amawavutitsa m'mimba, opaleshoni akuiopa, ndipo ana awo akuwauza kuti azingokhala kuti bondo lisapitirire kutha. Akufunsa ngati pali china choti achite.

Chilipo amayi, koma si chimene anawo akunena. Akukufunirani zabwino, inde, koma kukhala tsiku lonse ndiko kumalifooketsa bondolo. Chicherewecherewe chimene chimakuta nsonga za mafupa chilibe mitsempha ya magazi. Chakudya chake chimachokera m'madzi a m'bondo, ndipo madziwo amalowa ndi kutuluka mukamaponda ndi kupinda mwendo. Komanso minofu ya kutsogolo kwa ntchafu ikafooka, bondo limasowa choliteteza ku katundu wa thupi.

Ndiye yambirani pa ntchafupo. Khalani pampando wolimba, dzukani osagwirira ndi manja, khalaninso pang'onopang'ono, maulendo 10. Mukagona chagada, wongolani mwendo umodzi, muukweze pang'ono, muusiye m'mwamba masekondi 5. Kuyenda, kupalasa njinga ndi kusambira zonse n'zothandiza, ndipo ine ndimati chabwino ndi chimene simungachisiye pakatha mlungu umodzi. Pulogalamu ya GLA:D, imene inayamba ku Denmark mu 2013, imachititsa odwala masewera olimbitsa mwendo kawiri pa mlungu kwa milungu 6, ndiye musayembekezere kusintha mawa.

Masiku oyamba bondo lidzapweteka, musadabwe. Ambiri amagwa ulesi pamenepa, poganiza kuti akuwononga bondo. Ululu wopiririka umene watha pofika mawa lake sukutanthauza kuti mwavulaza kanthu. Mukadzuka litatupa kapena likupweteka kuposa kale, chepetsani, koma musasiyiretu.

Za kulemera kwa thupi simunandiuze, ndiye ndinena mosamala. Kafukufuku wa ku America wa mu 2005 anapeza kuti munthu wonenepa akatsika ndi kilogalamu imodzi, bondo limapepukidwa pafupifupi makilogalamu 4 nthawi iliyonse akaponda. Werengani nokha kuti mumaponda kangati pa tsiku.

Ndodo musachite nayo manyazi, koma muziigwira ndi dzanja la mbali imene sikupweteka, ambiri amasemphanitsa. Nsalu yofunda imafewetsa bondo louma m'mawa, yozizira imathandiza likatupa. Mabotolo a glucosamine, mankhwala amene amatsatsidwa kwambiri kuti amathandiza mawondo aja, bungwe la NICE la ku Britain, lopereka malangizo kwa madokotala, linanena mu 2022 kuti madokotala asamawapereke chifukwa umboni woti amathandiza ndi wosakwanira. Ndalamazo bola mukaonane ndi katswiri wa mafizo, akuonetseni mmene mungachitire masewerawa molondola.

Koma bondo likatupa mwadzidzidzi, n'kufiira, n'kumatentha, inu thupi likuotcha, musaganize kuti ndi nyamakazi yomweyi. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.