Kupita ku Karonga nkubwerako tsiku lomwelo pa njinga yamoto? Ndikuyankheni achimwene

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Area 25, dzina ndisungako. Akuti iye ndi anzake atatu akhala akuonera pa YouTube azungu amene amayenda ma mayilosi 1000 pa njinga yamoto mkati mwa maola 24, nde nawonso akufuna ayese zawo, anyamuke ku Lilongwe 4 koloko m'bandakucha, akaguse Karonga, abwerere, tsiku lisanakwane akhale ali pakhomo. Njinga zawo ndi za 150cc, yake ndi Lifo. Funso lake ndi loti, kodi akonzekere bwanji ndipo choopsa chenicheni ndi chani?

Achimwene, zikomo polemba, ndipo sindikukunyozani ayi, mtima umenewo ndimaudziwa. Zomwe mwaonerazo ndi zenizeni, ku America kuli gulu lotchedwa Iron Butt Association, ulendo wawo wodziwika kwambiri amautcha SaddleSore 1000, ma mayilosi 1000 omwe ndi pafupifupi makilomita 1600 pa maola 24, ukakwanitsa amakupatsa setifiketi. Koma muziona bwino misewu yomwe ikuoneka mmavidiyomo. Msewu wotakata, mbali ziwiri zosiyanitsidwa, kulibe mbuzi, kulibe msika pamsewu, petulo paliponse, njinga zake zazikulu zoti munthu amakhala ngati ali pa sofa. Ifeyo tili ndi M1, nde tiyeni tikambe za M1.

Kuchoka Lilongwe kukafika Mzuzu ndi makilomita 350 ndi kena kake, Mzuzu mpaka Karonga ndi ena opitirira 200. Kupita ndi kubwera mukukamba za makilomita oposa 1100. Pa pepala zimaoneka zophweka, mukagawa ndi 24 mupeza kuti mukungofunika kuyenda osakwana 50 pa ola, mwina nde zomwe zakulimbitsani mtima. Koma 50 ameneyo akuwerengera chilichonse, kudya, kuthira petulo, kutaya madzi, kuima pa rodibuloko bwana akuyang'ana laisensi ndi inshulansi, mahampu, kuchepetsa liwiro pa Lumbadzi, Mponela, Madisi, Kasungu, Nkhamenya, Jenda, ndipo likakhala tsiku la msika pa Jenda paja mumadziwa nokha kuti anthu amakhala ali mumsewu momwemo ndi matumba a mbatatesi. Muonjezepo malo omwe akukonza msewu nkukupatutsirani mufumbi. Ola lililonse lomwe mwataya pamenepo mudzafuna kulibweza, ndipo malo obwezera ndi amodzi okha, kukoka mafuta pamalo pomwe simumayenera kukoka.

Apa nde pali nkhani yanga yonse. Mtunda siumene umapha anthu pa maulendo amenewa, imapha ndi wotchi. Munthu yemwe alibe nthawi yoikika akatopa amaima, mvula ikayamba amabisala pakhonde la golosale, akaona thiraki kutsogolo pakona amadikira. Munthu yemweyo mukamupatsa maola 24 ndi anzake atatu omwe akumuyang'ana komanso gulu la WhatsApp lomwe likudikira zithunzi, amayamba kuganiza mwina, amati ndipirire pang'ono tikapumira pa Kasungu, amati ndiidutse thirakiyi pompano ikundichedwetsa.

Za tulo ndikuuzeni zomwe zinandichitikira ine mwini. Zaka zingapo zapitazo ndinkachokera ku maliro ku Mzuzu, usiku wake tinachezera osagona mmene zimakhalira pa siwa, mmawa kumanda, nde ndinanyamuka mochedwa chifukwa ndinkafuna ndikagwire ntchito mawa lake. Kudutsa Kasungu kunja kutada kale. Pakati pa Madisi ndi Mponela ndimakumbukira kuti ndinkaimba nyimbo mu helemeti kuti ndisagone, kenako chomwe ndikukumbukira ndi matayala akulira pa miyala mmbali mwa phula ndipo patsogolo panga pali ngolo ya ng'ombe yodzaza ndi matumba, yopanda nyali, yopanda ngakhale ka lifulekita. Ndinaiphonya ndi chigongono. Ndinaima, miyendo ikunjenjemera osatha kuponda pansi bwinobwino, mkulu woyendetsa ngoloyo anangoti "bwanji achimwene, mwaledzera?" Sindinalawe kanthu tsiku limenelo. Ndinagona pa resitihausi ina pa Mponela, ntchito ndinakafika masana, palibe anafa chifukwa ndachedwa.

Chomwe chimaopsa pa tulo ta pa njinga ndi choti sitigogoda. Maso amakhala otsegula koma mutu wazima kwa masekondi awiri atatu. Pa liwiro la 80 njinga imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse, nde masekondi atatu ndi mamita oposa 60 opanda woyendetsa. Akatswiri ofufuza za tulo ku Australia anapeza kuti munthu yemwe wakhala maso maola 17 amachita zinthu ngati yemwe ali ndi mowa wa 0.05 peresenti mmagazi. Inu mukadzuka 3 koloko kukonzekera, maola 17 akukwana 8 koloko usiku, ndipo nthawi imeneyo mukhala muli kuti? Pobwerera, mwina mukukwera Chiweta kapena mukulowa mu Chikangawa. Ma enaje dirinki ndi khofi zimangokubisirani kutopako, zikatha mphamvu mumagwa kamodzi.

Chiweta ndi Chikangawa ndiye malo awiri omwe sindingafune m'bale wanga adutse usiku atatopa. Chiweta ndi makona okhaokha potsika phiri kulowera kunyanja, mathiraki ochokera ku Dar es Salaam ndi matanka a mafuta amakwera mokwawa, ena amafera pakona pomwe, chenjezo lake ndi nthambi za mitengo zomwe aika pamsewu, usiku mumaziona mutazifika kale. Potsika mukamangokanikiza buleki osagwiritsa magiya, mabuleki amatentha nkuyamba kufewa. Chikangawa nayo ndi nkhungu ndi kuzizira, miyezi ya Juni ndi Julaye zala zimauma moti kukoka kilatchi kumakhala ngati dzanja ndi la munthu wina, komanso ndi mtunda wautali wa nkhalango woti njinga ikakufera pamenepo thandizo silibwera msanga, netiweki malo ena imasowa.

Mdima wokha kuno umabwera msanga, cha mma 6 koloko kwada, nyengo yozizira ngakhale isanakwane 6. Nde pa maola 24 anuwo pafupifupi theka muyenda usiku ndi kanyali ka 150cc komwe kamaunika pafupi. Usiku pa M1 mumakhala njinga zakapalasa zopanda nyali zitanyamula makala mopingasa, anthu ovala zakuda akuchokera kumowa, agalu, magalimoto a diso limodzi omwe mumaganiza kuti ndi njinga inzanu kufikira atakuyandikirani, mabasi ausiku omwe sathimitsa fulu laiti ndipo akamadutsana ndi thiraki inu wa njinga ndi amene mumayenera kutsika mumsewu, pomwe mmphepete mwa phula malo ambiri munadyeka, pali ka sitepe koti tayala lakutsogolo likagwerapo basi mwapita. Maenje sindinena, mukuwadziwa.

Njinganso ili ndi polekezera. Ka injini kakang'ono kozizira ndi mphepo kakamakokedwa mpaka kumapeto maola ambirimbiri kamadya oyilo, tcheni chimatamuka, mabawuti amamasuka ndi kunjenjemera. Ndipo petulo musamamuyese wopezekeratu, tonse tagonapo pa mizere ya pa filing'i sitesheni zaka zapitazi. Kunyamula chigubu cha petulo kumbuyo ndi mpira ayi chonde, mukagwa nacho ndi nkhani ina.

Kuyenda anayi kuli ndi ubwino wake, wina akagwa alipo womutola. Koma kulinso msampha, wotsogola amathamanga poti akuona msewu, wakumbuyo amathamangitsa nyali yofiira ya mnzake osaona dzenje, ndipo palibe amafuna kukhala woyamba kunena kuti amwene ine ndatopa. Mukagwirizane musananyamuke kuti mmodzi akati tiime onse mukuima, popanda kumuseka.

Nde mwandifunsa kuti mukonzekere bwanji, yankho langa ndi loti ulendowo pitani koma wotchiyo isiyeni kunyumba. Upangeni wa masiku atatu kapena anayi. Tsiku loyamba nyamukani kutayera, mukagone ku Mzuzu dzuwa likadalipo. Lachiwiri tsikani Chiweta mmawa muli ndi mphamvu, muime pamwamba paja muone nyanja mmene imaonekera, anthu othamangitsana ndi nthawi saiona. Pobwerera mukhoza kudzera kunyanja, Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima, mudye chambo panjira, kungoti mufunse kaye za milatho ngati ndi nthawi ya mvula. Maola awiri aliwonse tsikani, yendani pang'ono, imwani madzi ngakhale mulibe ludzu, nsima yambiri masana imabweretsa tulo nde idyani mopepuka. Helemeti ikhale yeniyeni yotseka chibwano ndipo muimange lamba, osati zipewa za pa konsitirakishoni zomwe ena a kabaza amavala pothawa apolisi. Jekete yolimba, magolovesi, nsapato zotseka akakolo, ka vesiti kowala. Matayala, mabuleki, tcheni, oyilo, mababu, zonsezi akaone makaniko sabata isanafike, osati madzulo a tsiku lonyamuka. Mthumba la jekete ikanimo kapepala ka dzina lanu ndi nambala ya wachibale, foni imasweka kapena kutsekeka ndi pasiwedi nthawi yomwe ikufunika.

Musanapite ku Karonga yesani kaye Lilongwe kupita ku Dedza nkubwerako, kenako Salima, muone mmene msana, khosi ndi matako zikuyankhulira pakatha maola anayi, ambiri amadabwa. Ngati anzanu aja akakamirabe za maola 24, auzeni kuti mukawapeza ku Mzuzu, ndipo mukafika pamwamba pa Chiweta nditumizireni chithunzi pa imelo yomweyi, ndidzachiika pano.