Timu imene inakanidwa pakhomo: yankho langa pa za mpira wa Notre Dame

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wangosamukira kuno ku South Bend ndi banja lake. Mnyamata wawo wa zaka 14 mtima wake wonse uli pa mpira wa ku America, akuti tsiku lina adzavala chipewa chagolide cha timu ya yunivesite ya Notre Dame, imene ili kuno. Bambo a m'nyumbamo akuti timuyi ikungodyera mbiri yakale, chikho inachigwira komaliza mu 1988, ndipo ikapitiriza kuima payokha, osalowa mu ligi ngati zinzake, idzatha. Mayiwo akufunsa ngati timuyi ili ndi tsogolo, komanso ngati amulole mwanayo kusewera.

Achemwali, imelo yanu ndaiwerenga katatu. Za mwana ndifikako, koma mawu a alamu angawo akuti "ilowe ngati zinzake" ndi amene andikhala pamtima, chifukwa andikumbutsa chaka changa choyamba mumzinda muno.

Ndinkafuna nyumba ya lendi. Ndinaimba foni, anandiuza kuti ilipo, ndibwere ndidzaione. Nditafika, mwini nyumbayo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kumva kalankhulidwe kanga, basi nyumba ija akuti yatengedwa kale. Chikwangwani chotsatsa nyumbayo chinakhalabe pakhomopo milungu itatu, ine ndikuchiona m'mawa uliwonse ndili m'basi. Amene anandilandira pamapeto pake anali agogo ena aamuna, Mkatolika wa makolo ochokera ku Poland. Bambo awo anagwira ntchito kufakitale ya magalimoto ya Studebaker, imene inatseka muno mu 1963. Anandipatsa chipinda cham'mwamba, ndipo Loweruka lililonse la nyengo ya mpira ankandiitana kuti nditsike tidzaonere limodzi. Ine ndinakulira pa mpira wa Maule ndi Manoma, ndiye poyamba ndinkangoona anyamata akugundana ngati nkhosa zamphongo. Iwo anadekha nane. Anandifotokozera kuti timu imapatsidwa mipata inayi yoti isunthe mpira mayadi 10, ikakwanitsa imapatsidwanso ina inayi. Nditamvetsa zimenezo maso anatseguka.

Tsiku lina ndinawauza za chikwangwani chija. Anakhala chete nthawi ndithu, kenako analoza TV n'kunena kuti timu imeneyi nayonso inauzidwapo kuti malo atha.

Ankanena zoona. Sukuluyi anaiyambitsa ndi wansembe wa ku France, Edward Sorin, mu 1842. Mpira wake woyamba inasewera mu 1887 ndi Michigan, n'kugonja 8-0. Inali kasukulu kakang'ono ka Akatolika, ana a anthu obwera ochokera ku Ireland, Poland, Italy ndi Germany, pa nthawi imene Mkatolika ankaonedwa ngati mlendo wosadalirika. Mu May 1924 a Ku Klux Klan, gulu lodana ndi anthu akuda ndi Akatolika, anasonkhana mu South Bend muno, ndipo ophunzira a Notre Dame analimbana nawo m'misewu yomwe timayendamo lero. Sukulu zikuluzikulu zoyandikana nayo zinali ndi ligi yawo, imene lero ndi Big Ten. Notre Dame inapempha kulowa, inakanidwa. Mu 1926 mphunzitsi wake Knute Rockne anayesanso, koma mkulu wa zamasewero wa ku Michigan, Fielding Yost, anali m'gulu la otsekereza khomo.

Anansi akakukana umatani? Timuyi inakwera sitima yapamtunda kukafuna osewera nawo kutali. Mu 1913 inapita ku West Point n'kugonjetsa Army, timu ya sukulu ya asilikali, 35-13 poponya mpira kutsogolo, Gus Dorais akuponyera Rockne (amene nthawiyo anali wosewera), njira imene matimu ambiri ankaiderera. Mu 1926 inayamba kusewera ndi USC ya ku Los Angeles, mu 1927 ndi Navy, timu ya sukulu ya asilikali apamadzi. Kulikonse kumene inkafika, anthu a m'mafakitale amene sanapondepo pa koleji ankaitenga ngati yawo. Rockne yemweyo anabadwira ku Norway, anabwera ali mwana. Kuyambira 1918 mpaka 1930 anapambana masewero 105, kugonja 12, kufanana mphamvu kasanu, ndipo anafa pa ngozi ya ndege ku Kansas mu 1931. Pambuyo pake kunabwera aphunzitsi Frank Leahy, Ara Parseghian, Dan Devine ndi Lou Holtz, zikho zonse pamodzi n'kukwana 11.

Ndiye munthu akamati kuima payokha kwa Notre Dame ndi matama, ine magazi amandiwira. Inayamba kuyenda yokha chifukwa inakankhidwira kunja. Mu 1999 Big Ten yomwe ija inabwera yokha kudzaiitana, ndipo sukuluyi inayankha kuti ayi, zikomo. Agogo aja ankati akafika pamenepa mawu ankawanjenjemera. Anamwalira zaka zingapo zapitazo osaonanso chikho china, koma sindinawamvepo ngakhale kamodzi akunena kuti timu ilowe mu ligi.

Ndisakunamizeni, alamu ali ndi mfundo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo zaka zoposa 30 popanda chikho si zochepa. Mu January 2013 tinafika mu fainolo, Alabama inatikwapula 42-14, mpira unali utatha kale pofika nthawi yopuma. Kumapeto kwa 2021 mphunzitsi Brian Kelly, amene anakhala nayo timuyi zaka 12, ananyamuka kupita ku LSU, yunivesite ya ku Louisiana. Ndipo pa 7 September 2024 tinagonja pakhomo pathu 16-14 ndi Northern Illinois, timu imene inaitanidwa ngati yodzapukutirapo mapazi. Tsiku limenelo ndinali ndi shifiti yausiku kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito. Agogo ena aakazi anakana kudya. Ndinakhala nawo pambali pa bedi mpaka anagona, akundiuza za amuna awo amene ankawatengera kubwaloko ali atsikana.

Koma timu yomweyo, pansi pa mphunzitsi Marcus Freeman, mwana wa bambo wakuda ndi mayi wa ku Korea, sinagonjenso mpaka mu fainolo. Pa 20 December, mu mpikisano wa chikho, inagonjetsa Indiana 27-17 pabwalo lathu lino lolowa anthu opitirira 77,000, kukuzizira koti zala sizimveka. Inapitirira kuchotsa Georgia, kenako Penn State 27-24, n'kukagwa kwa Ohio State 34-23 ku Atlanta pa 20 January 2025. Timu yakufa sifika kumeneko, achemwali. Mukawauze alamu kuti ndatero ine.

Nanga ndalama?

Mantha anga ali apa, osati pa ligi. Kuyambira July 2021 osewera a ku koleji amaloledwa kulandira ndalama pogwiritsa ntchito dzina ndi nkhope zawo potsatsa malonda. Mu June 2025 khoti linavomereza mgwirizano wolola sukulu iliyonse kugawira osewera ake ndalama zofika pafupifupi madola 20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Ine sinditsutsa. Anyamata amenewa athyoka mawondo ndi mapewa kwa zaka zoposa 100, ndalama zikulowa m'matumba a ena, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana akuda ochokera m'mabanja osauka. Alipidwe. Chimene chimandiwawa n'chakuti wosewera tsopano amatha kusamuka chaka chilichonse, lero ali kuno, mawa ali kumene kwanunkhira ndalama zambiri. Udzamudziwa liti mwana woteroyo? Agogo aja ankatchula osewera a 1966 mayina ngati adzukulu awo.

Ndipo onani zimene ligi zachita. Pac-12, ligi ya mbiri yoposa zaka 100, inabalalika mu 2024 chifukwa cha ndalama za TV. USC, UCLA, Oregon ndi Washington zinathawira ku Big Ten. Stanford ndi California, sukulu za kugombe la Pacific, tsopano zili mu ACC, ligi ya kugombe la Atlantic, ana akumagona m'ndege m'malo mokhala m'kalasi. Oregon State ndi Washington State zinasiyidwa pamtetete. Ndiye denga lake ndi limeneli tikuuzidwa kuti tikabisalemo? Notre Dame ili ndi mgwirizano wakewake ndi kampani ya TV ya NBC kuyambira 1991, ndipo anauwonjezera mpaka 2029. Masewero ena a pasukulupa ali mu ACC kuyambira 2013, ndipo timu ya mpirayi imasewera ndi matimu a ACC pafupifupi kasanu pachaka popanda kukhala membala. Malinga NBC ikulipira ndipo khomo la mpikisano wa chikho lili lotsegula kwa timu yopanda ligi, palibe chifukwa chogulitsira ufuluwu. Tsiku limene Big Ten ndi ligi ina yaikulu ya SEC zidzagwirizane zotseka khomolo, nkhani idzasintha, ndipo ine ndidzalira. Koma ilowe itakakamizidwa, isadzipereke yokha.

Ndisaiwale za Navy. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ophunzira anachepa kwambiri, ndipo asilikali apamadzi ndi amene anapulumutsa sukuluyi pobweretsa anyamata awo kudzaphunzira pano. Mpaka lero Notre Dame imasewerabe ndi Navy pothokoza. Ikalowa mu ligi ya matimu 18 ngati Big Ten, sindikhulupirira kuti ngongole ya ulemu ngati imeneyi idzapezanso malo pa ndandanda.

Za mnyamatayo: muloleni asewere kusekondale kwake. Funsani mphunzitsi wake zimene amachita mwana akagunda mutu, ndipo akadandaula za chizungulire musamulole kubwerera m'bwalo dokotala asanamuone. Muuzeni kuti mwa osewera 100 a ku koleji, osakwana awiri ndi amene amasankhidwa kupita ku NFL, ligi ya akatswiri a mpirawu, komanso kuti Notre Dame imayang'ana magiredi isanapereke malo. Matikiti ndi odula, koma kuyenda pasukulupa m'mawa wa tsiku la mpira n'kwaulere. Pitani naye akamve bandi ikuimba, ndipo alamu musawasiye kunyumba.