Tiyambe takonza thumba lobooka, kenaka tifunse kuti wolemera ndani

Achimwene, mwafunsa ngati boma liyenera kukweza msonkho wa anthu olemera kapena kuchepetsa ndalama zomwe limagwiritsa ntchito, ndipo ndaona kuti ambiri omwe akuyankhani asankha mbali imodzi mwachangu. Ine ndikuyankha ngati munthu wa kuno ku Ntcheu yemwe wagwira ntchito yolipidwa pamwezi kwa zaka zambiri, amenenso abale ake amadalira kachewere ndi kabichi. Maganizo anga ndi akuti zonse ziwiri n'zofunika, koma chofunika kuyamba ndi kudula ndalama zomwe zimathera kumtunda, chifukwa kutolera msonkho wambiri tisanatero kuli ngati kutunga madzi ndi dengu.

Choyamba tichotse ganizo lakuti munthu wosauka salipira msonkho. Mayi wogulitsa tomato pa Lizulu salandira malipiro oti a MRA, otolera msonkho, adulepo msonkho wa PAYE, koma amadula chiphaso cha msika tsiku lililonse lomwe wayala malonda ake, ndipo akagula mayunitsi a foni, chitenje kapena malata amalipira msonkho wa VAT, womwe kwa zaka zambiri unali pa 16.5 peresenti. Pa mtengo wa mafuta a galimoto pali ndalama ya misewu, ndipo mwini lole akalipira pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke, zomwe zinali zoyamba m'dziko muno ndipo zili m'maboma athu a Ntcheu ndi Dedza, iye sataya kanthu: amangokweza mtengo wonyamulira thumba, mlimi n'kulandira zochepa. Pamwamba pa izi pali msonkho wina wopanda lisiti. Pamene mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, yemwe anali ndi nyumba, malo kapena madola sanagwedezeke kwenikweni, pomwe yemwe anasunga ndalama zake kubanki m'khonde kuti adzagule feteleza anangoona thumba likumuthawa.

Tsono mukati olemera alipire zambiri, mtima wanga ukuvomera. Vuto ndi lakuti m'dziko muno munthu wosavuta kumudula msonkho si wolemera weniweni ayi, koma wolembedwa ntchito. Msonkho wake umachotsedwa ndalama isanafike n'komwe m'manja mwake, ndipo alibe kothawira. Boma linachita bwino kukweza gawo la malipiro losadulidwa msonkho kufika pa K100,000 mu 2020 ndi K150,000 mu 2024, ngakhale kukwera mitengo kwa zinthu kunadya msanga mpumulo umenewo. Koma taganizirani za munthu yemwe ali ndi nyumba khumi za lendi ku Lilongwe, malole oyenda pakati pa Dedza ndi Mozambique komanso sitolo yomwe sapereka lisiti pokhapokha wogula ataumirira. Ameneyu angathe kulipira msonkho wochepa kuposa namwino wamkulu wa pachipatala cha boma. Tikangokweza maperesenti a PAYE tidzafinya anthu ochepa omwewo amene akufinyidwa kale, mpondamatiki weniweni ali phee. Msonkho wa olemera womwe ine ndingauombere m'manja ndi wotsata chuma chooneka ndi maso: lendi, nyumba zikuluzikulu, malo ogula n'kungowasiya podikira kuti akwere mtengo, ndi phindu lalikulu la mabanki. Nyumba sithawira ku Johannesburg ngati momwe ndalama ingathawire.

Palinso msonkho womwe malamulo enieniwo amakhululukira anthu okhoza kulipira. Aphungu ndi akuluakulu ena a boma amaloledwa kulowetsa galimoto m'dziko muno osalipira msonkho wa pachipata, pomwe mnyamata wogula njinga yamoto ya kabaza amalipira. Kuchotsa mwayi umenewu sikufuna nzeru zachilendo, kumangofuna kuti opanga lamulo avomere kudzidula okha, ndipo apa ndi pomwe nkhani imazizirira, poti mbuzi imadya pomwe aimangirira.

Ndibwere ku mbali ya kuchepetsa ndalama, yomwe ndi yoopsa ikangonenedwa mwachisawawa. Tonse taonapo momwe mawu akuti boma likumanga lamba amathera akafika kumudzi. Aphunzitsi omwe anatsiriza maphunziro awo amakhala zaka osalembedwa ntchito pomwe kalasi imodzi ili ndi ana osawerengeka, wodwala amauzidwa kuti akagule yekha mankhwala, ndipo ambulansi imaima chifukwa chosowa mafuta. Ine ndinaperekezapo m'bale wanga kuchipatala china usiku, ndipo tinachita kusonkherana ndalama ya mafuta kuti atumizidwe kuchipatala chachikulu. Kudula kotereku sikupulumutsa ndalama, kumangosamutsira ngongole ya boma m'thumba la munthu wosauka. Chimodzimodzi ndi zipangizo zaulimi zotsika mtengo: pulogalamu ya AIP inayamba mu 2020 thumba la feteleza lili pa K4,495, kenaka linafika pa K15,000, chiwerengero cha opindula chikutsika. Pulogalamu yotereyi ili ndi zofooka zambiri ndipo ikufunika kuikonza, koma woidula asaname kuti wadula zinthu zosafunika.

Zoyenera kudula zili kwina. Ndi maulendo akunja a anthu ambirimbiri, misonkhano yochitikira kunyanja yomwe ikanatheka muofesi, maalawansi, galimoto zodula zogulidwa boma lililonse likangolowa, ndi makontirakiti okwezedwa mitengo mwadala. Tawonjezanso aphungu kuchoka pa 193 kufika pa 229 pa chisankho cha 2025, ndipo aliyense wa iwo ali ndi malipiro ndi zina zomwe ziyenera kuchokera m'thumba lomwelo. Ena anena kuti zimenezi n'zochepa poyerekeza ndi bajeti yonse, ndipo pa masamu okha akunena zoona. Koma kufunika kwake kuli pa chikhulupiriro. Nkhani ya Cashgate ya mu 2013 inationetsa ndalama za boma zikutuluka ku Capital Hill kulipira katundu yemwe sanaperekedwe, ndipo maiko otithandiza, omwe thandizo lawo linali pafupifupi 40 peresenti ya bajeti, anaimitsa ndalama zomwe ankapereka mwachindunji ku thumba la boma. Munthu amene anaona zimenezo ukamuuza kuti alipire msonkho wochuluka, amayamba wafunsa komwe wam'mbuyomu unapita.

Chachikulu kuposa zonsezi, chomwe sindinachione m'mayankho a anzanga, ndi chiwongoladzanja. Boma likawononga zoposa zomwe latolera limakongola kumabanki a m'dziko momwemuno pa chiwongoladzanja chokwera, ndipo lero gawo lalikulu kwambiri la msonkho wathu limapita kukalipira chiwongoladzanjacho tisanagule ngakhale panado mmodzi. Mabanki nawo amaona kuti kukongoza boma n'kopindulitsa ndiponso kosaopsa kusiyana ndi kukongoza mlimi wa ku Tsangano kapena ku Bembeke yemwe akufuna pampu yothirira. Choncho kusadziletsa kwa boma kumalemeretsa omwe ali kale ndi ndalama zokongoza, n'kumana mpamba omwe akufuna kuyamba. N'chifukwa chake ndikuti yemwe akufunadi kuti olemera asamadyerere osauka ayenera kukhala woyamba kudana ndi kukongola kosalekeza.

Tisaiwalenso 2011. Boma la Bingu wa Mutharika, litasemphana ndi maiko otithandiza, linabweretsa bajeti yoti tizidzidalira ndipo linawonjezera misonkho pa nthawi yomwe mafuta ndi ndalama zakunja zinkasowa. Pa 20 Julayi chaka chimenecho anthu anapita pamsewu, ndipo pafupifupi 20 anataya miyoyo. Zifukwa zinali zambiri, koma chimodzi mwa izo chinali chakuti anthu ankauzidwa kupirira pomwe sankaona atsogoleri akupirira nawo.

Kotero, achimwene, nduna ya zachuma itandifunsa ndingati ichotse kaye mwayi wa galimoto zopanda msonkho, ichepetse maulendo ndi maalawansi, isindikize poyera ndalama zomwe zapulumuka ndi komwe zapita, ndipo isakhudze mankhwala ndi aphunzitsi. Ikatero ipite kwa eni nyumba za lendi, eni malo ndi mabanki, osati kubwereranso kwa mphunzitsi wa ku Ntcheu yemwe msonkho wake unadulidwa kale mwezi usanathe.