Musamudule mapiko wizard, yang'anani kaye tsiku la pagulu lanu

Achimwene, mwati gulu lanu la D&D ya 2014 (Dungeons and Dragons, masewera a nthano a patebulo oponya madayisi), limene inu mukuliyendetsa ngati DM (Dungeon Master), lafika level 7, ndipo mnyamata amene akusewera fighter (msilikali) wayamba kudandaula kuti wizard (wamatsenga) ndiye akumaliza zonse, iye akungoperekeza. Ndiye mwafunsa ngati kuli bwino kuletsa ma spell (matsenga) a Fireball ndi Polymorph, kapena kumupatsa fighter lupanga lomenya kwambiri. Ine ndikuti ziwiri zonsezi musachite, chifukwa dandaulo la mnyamatayo silikuchokera pamenepo.

Tiyambe ndi manambala, poti ndi amene anthu akulimbirana m'makomentimu. Fireball ndi madayisi 8 a d6 (a mbali 6), kawirikawiri imatulutsa cha m'ma 28, ndipo mdani akapambana save (dayisi yodzitetezera) amangolandira theka. Fighter wa lupanga lalikulu la 2d6, mphamvu zake zikamuwonjezera 4, akamenya kawiri osaphonya amapeza cha m'ma 22. Koma iye amatero round iliyonse, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, osawononga kanthu, pomwe wizard wa level 7 ali ndi ma slot (mipata yoponyera ma spell patsiku) atatu okha a level 3 ndi imodzi ya level 4. Muwaikire chilombo chimodzi chachikulu, muona kuti fighter sali m'mbuyo. Ndiye mukamuwonjezera lupanga, mukumupatsa chinthu chimene ali nacho kale.

Pamene pakuwawa ndi apa. Gulu lafika pa chiphompho, mlatho adani adula. Lamulo la kulumpha likuti munthu akathamanga kaye amalumpha mapazi ofanana ndi Strength yake. Wa Strength 16 amalumpha mapazi 16 pa level 1, ndipo akakula n'kufika 20 amalumpha mapazi 20, ngakhale atafika level 20. Ngati subclass yake (mtundu wa fighter umene anasankha) ndi Champion, pa level 7 amangowonjezerako mapazi ochepa. Wizard wa level 7 yemweyo ali ndi Dimension Door, spell yomusamutsa mapazi 500 nthawi yomweyo, ndipo atha kutenga mnzake mmodzi. Chitseko chokhoma, ali ndi Knock. Mlonda wovuta pageti, ali ndi Suggestion. Kukazonda msasa wa adani, ali ndi Invisibility. Chilichonse mwa izi chinalembedwa m'buku ndi malire ake, ndiye mwini wake amangonena kuti ndachita zakuti, inu n'kuvomera. Fighter amayenera kupempha: kodi ndingathyole chitsekochi, kodi ndingakwere khomali? Inu mumaganiza kaye, kenako n'kumuuza kuti aponye dayisi, ndipo d20 ikagwa pa 4 zathera pomwepo.

Tsiku lina mudzamuyang'ane nthawi imene kulibe nkhondo. Amatenga d20 n'kumaizunguza pa tebulo, akudikira. Anzake akufunsa wizard kuti wakonzekera ma spell ati lero, mapulani onse akumangidwa pa yankho lakelo. Pakapita kanthawi dayisi ija yaikidwa pansi, foni yatuluka m'thumba. Munthu ameneyu akufuna kuti nayenso azitha kutembenuza nkhani, ndipo zimenezi lupanga la +2 silingamupatse.

Vutoli si la tebulo lanu lokha, ndi lakale ngati masewerawo. Gary Gygax ndi Dave Arneson atatulutsa D&D mu 1974 kunali ma class atatu okha: fighting-man (fighter wa lero), magic-user (wizard wa lero) ndi cleric. Thief anabwera mu 1975. M'mabuku a TSR, kampani imene inkasindikiza masewerawa nthawi imeneyo, magic-user ankakhala wamphamvu zoopsa akakula, koma njira yofikira kumeneko inali yaminga. Ankayamba ndi spell imodzi patsiku, sankavala zida zodzitetezera, ndipo kuyambira 1975 moyo wake unkawerengedwa ndi d4. Kuti akwere level 2 ankafunika XP (mapointi okwerera level) 2,500 pomwe fighter ankafunika 2,000. Mu AD&D (mtundu wotsatira wa masewerawa), akamenyedwa ali mkati moponya spell, spell-yo inkatayika. Ndipo fighter akafika level 9 ankatha kumanga linga lake, asilikali n'kubwera kudzamutumikira, iye n'kumatolera msonkho m'dera lake. Wizard ankauluka, inde, koma fighter anali ndi anthu.

Zotchinga zimenezi zinachotsedwa chimodzichimodzi, ndipo chilichonse chinali ndi chifukwa chake chomveka, chifukwa palibe amene amasangalala kuponya spell imodzi kenako n'kubisala kumbuyo kwa anzake usiku wonse. Mu 2000, pansi pa kampani ya Wizards of the Coast, ma class onse anayamba kukwera ndi XP yofanana. Mu 2014 wizard anapatsidwa d6 ya moyo wake, ndipo ma cantrip (ma spell aang'ono osafuna slot) amaponya mmene angafunire. Koma linga lija ndi asilikali aja sanabwezeretsedwe mu class ya fighter. Mu 2008 anayesa njira ina, yopatsa class iliyonse mphamvu zokonzedwa mofanana, zina za nthawi iliyonse, zina kamodzi pa nkhondo, zina kamodzi patsiku. Kusiyana kunachepadi, ndipo ine ndimaona kuti fighter wa nthawi imeneyo anali wokoma kusewera kuposa ena onse. Koma ambiri anadandaula kuti ma class ayamba kufanana, ena n'kusamukira ku masewera a Pathfinder a kampani ya Paizo amene anatuluka mu 2009. Ndiye mu 2014 anabwerera ku kachitidwe kakale, n'kusiya chotchinga chachikulu chimodzi: wizard atha ma slot tsiku lisanathe.

Apa ndiye pali funso limene ndikufuna muyankhe moona. Pakati pa long rest (kupuma kwa maola 8 kobwezeretsa ma slot) ndi long rest ina, gulu lanu limamenya nkhondo zingati? Dungeon Master's Guide ya 2014 imawerengera kuti gulu litha kupirira nkhondo 6 mpaka 8 zapakati kapena zolimba patsiku, ndi ma short rest ngati awiri. Ambirife sititero. Timakumana madzulo maola atatu, nkhondo imodzi, kenako onse akagone. Wizard akudziwa zimenezi, ndiye pa nkhondo imodzi ija amakhuthula zonse, Fireball, Polymorph, Fireball ina. Fighter amene Action Surge (kumenyanso kowonjezera) ndi Second Wind (kudzibwezera moyo) yake zimabwerera pa short rest ya ola limodzi sapindula kanthu, chifukwa aliyense akugona maola 8 n'kudzuka wodzaza. Wizard ali ngati munthu wolandira malipiro pakutha pa mwezi, fighter ngati waganyu wolandira zake pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Mukachititsa kuti tsiku lililonse likhale lolandira malipiro a mwezi, musadabwe kuti waganyu akuoneka wosauka.

Simukuyenera kukakamiza nkhondo 8 usiku umodzi. Buku lomwelo lili ndi lamulo lina lotchedwa Gritty Realism, pomwe short rest ndi maola 8 ndipo long rest ndi masiku 7. Ena amaliona lolemera, ndipo limasokoneza ma spell okhala maola angapo monga Mage Armor. Chimene ine ndimakonda n'chopepukirapo: long rest imatheka pamalo otetezeka okha, m'tauni, m'kachisi, kunyumba ya bwenzi. Kugona m'tchire kuwerengedwe ngati short rest. Mukatero ulendo wa masiku anayi wokhala ndi nkhondo imodzi patsiku umasanduka tsiku limodzi m'maso mwa malamulo, ndipo pa chiphompho chija wizard ayamba kufunsa ngati fighter sangaponye chingwe kaye, kuti slot ya level 4 aisungire zam'tsogolo. Koma chonde kambiranani kaye musanayambe kusewera, wa wizard ali pomwepo. Iye sanalakwe kanthu, wasewera bwino class imene anasankha, ndipo akamva ngati mukumulanga mudzakhala ndi odandaula awiri.

Palinso malamulo amene alipo kale koma ma DM ambiri amawaiwala. Knock imachita phokoso lomveka mapazi 300, ndiye chitseko chikatseguka alonda amva. Ma spell ambiri amafuna kuyankhula mawu ake momveka kapena kugwedeza manja, ndiye sangaponye Suggestion pamaso pa mfumu ndi nduna zake popanda wina kuona. Polymorph ndi Fly zimafuna concentration (kusunga maganizo pa spell kuti isathe), imodzi yokha pa nthawi, ndipo akamenyedwa aponye Constitution save ya 10 kapena theka la damage, chimene chili chachikulu. Adani anzeru amadziwa kuti wovala mkanjo uja ndiye woyamba kulasidwa. Zikatero, amene waima pakati pa wizard ndi mikondo amakhala munthu wofunika kwambiri pagulu.

Tsono ndiyankheko achimwene ena amene alemba pamwambapa kuti fighter ndi munthu wamba, sayenera kuchita zosatheka, apo ayi masewerawo sakhala omveka. Apa sindikugwirizana nanu ngakhale pang'ono. Patebulo lomwelo mukulola munthu kusandutsa mnzake chinyani chachikulu, koma mukukaniza ngwazi ya level 7 kuthyola chitseko cha chitsulo chifukwa m'moyo weniweni sizitheka? Tonse tinakula tikumva za Samsoni amene anazula zitseko za chipata cha Gaza pamodzi ndi mphuthu zake n'kuzisenza paphewa. Ngwazi za m'nthano zakhala zikuchita zoterezi kuyambira kale, ndipo fighter ndi mwana wa nthano zimenezo. Munthu wa Strength 18 kapena 20 akafuna kugwetsa chitseko wamba, ine sindimuponyetsa dayisi. Ndimangomuuza kuti chagwa, ndipo funso limatsala loti ndani wamva.

Ngati fighter wanuyo ndi Champion, muloleni asinthe akhale Battle Master popanda kumulipiritsa kanthu. Champion anakonzedwera munthu wofuna zosavuta, ndipo zikuoneka kuti mnyamatayu wapitirira pamenepo. Battle Master wa level 7 ali ndi madayisi asanu a d8 ndi ma maneuver asanu, atha kugwetsa mdani, kumuopseza, kumulanda chida, ndipo madayisiwo amabwerera pa short rest. Muthanso kubwereka m'buku la 2024 zinthu ziwiri zimene zimalowa bwino: Weapon Mastery, ndi Tactical Mind imene imamulola kugwiritsa ntchito Second Wind kuwonjezera d10 pa check imene walephera. Chachiwirichi ndicho chimamupatsa kanthu kogwira kunja kwa nkhondo.

Koma chachikulu chili m'manja mwanu, osati m'buku. Mubwezereni linga lake, ngakhale pang'ono. Asilikali a pageti amuzindikire kuti ndi uja anaima pa mlatho. Anyamata awiri a m'mudzi umene anaupulumutsa amutsatire, akufuna kuphunzira lupanga. Mkulu wa asilikali akane kukambirana ndi wamatsenga, afune kuyankhula ndi msilikali mnzake. Zimenezi zilembeni papepala lake ngati mmene ma spell amalembedwera: ali ndi anthu awiri oti atha kuwatuma, ali ndi khomo lotseguka ku msasa wakuti. Zikalembedwa, nayenso ayamba kunena m'malo mopempha.

Tiuzeni subclass yake, ndi nkhondo zimene mumamenya gulu lisanagone. Ngati ndi imodzi, yambani ndi za long rest zija kwa masabata angapo musanakhudze china chilichonse.