Mukaitana mlembi Wachiyuda, yambani mwawerenga buku lake

Imelo yomwe yandigwira mtima sabata ino yachokera kwa mayi wina, Mmalawi mnzathu amene amaphunzitsa mbiri yakale ku Giredi 9 pasukulu ina kuno ku Cape Town. Ahedi awauza kuti apeze mlembi wa mabuku Achiyuda adzalankhule ndi ana. Kholo lina la pasukulupo, lomwe lili m'komiti ya sunagoge wawo, lati mlembiyo akapezeka akalankhulenso kusunagogeko madzulo ake kuti agawane ndalama zolipira. Mayiwa akufunsa kuti amupeze kuti, amulipire bwanji, nanga ana akayamba kufunsa za nkhondo ya ku Gaza atani.

Achemwali, zikomo polemba. Ndiyankha, koma mundilole ndiyambire patali, chifukwa m'kalata yanu mulibe funso lomwe ndimaliyembekezera, loti buku lake liti. Mwalemba ngati mlembi aliyense angathe, bola akhale Myuda ndipo akhale ndi buku. Sindikukudzudzulani, ndikudziwa kuti ahedi anakuuzani choncho. Koma pamenepo ndi pomwe pali chilonda changa.

Kabuku kanga ka nthano za ana katangotuluka, sukulu ina inandiitana pa tsiku lokumbukira Africa, pa 25 Meyi. Ndinasangalala kwambiri. Ndinasankha nthano yomwe ndimaikonda kuposa zonse, ya mtsikana wa ku Nkhotakota amene amasoka ukonde wa bambo ake usiku mobisa chifukwa anthu amati imeneyo ndi ntchito ya amuna. Ndinaiyeserera kuwerenga mokweza mpaka aneba anayamba kuidziwa. Tsikulo ndinakwera minibasi ndi katoni ya mabuku pamiyendo. Mphunzitsi amene anandilandira anali munthu waulemu ndithu, koma ataimirira kutsogolo anauza ana kuti mlendo wathu wachokera ku Malawi, limodzi mwa mayiko osauka kwambiri padziko, ndipo atiuza mmene moyo ulili kumeneko. Dzina la buku sanalitchule, ndipo zinaonekeratu kuti anali asanalitsegule. Ana anafunsa zomwe anawatsegulira khomo: kwanu kuli magetsi? Munagonapo ndi njala? Nanga n'chifukwa chiyani Amalawi ambiri mumabwera kuno? Ndinayankha zonse mofatsa. Belu linalira ndisanawerenge mzere ngakhale umodzi. Anandipatsa maluwa ndi kapu yolembedwa dzina la sukulu, katoni ija n'kubwerera kunyumba yosamatula. Za ndalama zinandiwawa pang'ono chabe. Chomwe chinanditsitsa misozi m'minibasi n'chakuti anandisenzetsa Malawi yense, pomwe ine ndinabweretsa mtsikana mmodzi ndi ukonde wake, ndipo palibe anamufunsa.

Alembi Achiyuda zimenezi zimawachitikira kuposa ife, ndipo ndikudziwa chifukwa ndinazimva ndi makutu anga. Ndisanayambe kulemba ndinkasamalira agogo ena Achiyuda ku Sea Point, monga amachitira Amalawi ambiri kuno ndi ku Johannesburg. Makolo awo anachokera ku Lithuania, komwe kunachokera Ayuda ambiri a ku South Africa. Maso awo anali atafooka, ndiye ndinkawawerengera, ndipo kukakhala mlembi wolankhula ndinkawakankha pa njinga yawo kupita ku Gardens, dera lina la mumzinda uno. Ngati simunafikeko, pitani. Pamalo amodzi pali sunagoge wotchedwa Gardens Shul, yemwe mpingo wake unayamba mu 1841, pali South African Jewish Museum, pali Cape Town Holocaust and Genocide Centre yomwe inatsegulidwa mu 1999, komanso laibulale ya Jacob Gitlin yomwe aliyense angathe kulowamo.

Madzulo ena kunabwera mayi wina amene analemba nkhani ya banja logulitsa nthenga za nthiwatiwa ku Oudtshoorn. Ine ndinali ndisanadziwe kuti Ayuda ochokera ku Lithuania ndi amene anadzaza malonda amenewo mpaka tauniyo kumaitcha Yerusalemu wa mu Africa, kapena kuti nthawi ina nthenga zinali zachinayi pa katundu wobweretsa ndalama zakunja m'dziko muno, pambuyo pa golide, dayamondi ndi ubweya wa nkhosa. Malondawo anagwa mu 1914, nkhondo yoyamba yapadziko lonse itayamba komanso azimayi atasiya zipewa zanthenga zomwe mphepo inkaulutsa m'galimoto zopanda denga. Mayiyo anawerenga ndime ya apongozi awiri okangana za nsomba yogaya yomwe amadya pa zikondwerero, wina akuti muziika shuga monga a ku Poland, wina akuti tsabola monga a ku Lithuania. Holo yonse inafa nako kuseka. Agogo anga anaseka mpaka kutsokomola, ndikuwasisita pamsana, iwo akukuwa kuti tsabola, tsabola! Kenako anthu anayamba kukangana okhaokha, uyu akukonza chaka, uyo akuti agogo ake ankagulitsa nthenga mumsewu womwewo. Pomaliza, akusayina buku la agogo, mlembiyo anadandaula kuti kusukulu samufunsa za nthenga. Amangomukumbukira kalasi ikafika pa Hitler, chonsecho iye anabadwira ku Karoo, dera lomwe kuli Oudtshoorn, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha kalekale, ndipo sanalembepo za misasa yopherako anthu.

Ndimvetseni bwino apa. Holocaust, kuphedwa kwa Ayuda mu ulamuliro wa Hitler, iyenera kuphunzitsidwa, ndipo ndimanyadira kuti dziko lino linaiika m'silabasi ya Giredi 9 kuyambira 2007. Ayuda 6 miliyoni anaphedwa, ana ayenera kudziwa mmene zinayambira, ndi mawu onyoza ndi malamulo osankhana mitundu, zinthu zomwe mwana wa kuno sangalephere kuzizindikira. Malo a ku Gardens aja ali ndi aphunzitsi omwe ntchito yawo ndi imeneyi, ndipo a kumalo ena otere ku Johannesburg amaiphunzitsa limodzi ndi kuphedwa kwa Atutsi ku Rwanda mu 1994. Ngati cholinga cha ahedi ndi chimenechi, tengani ana mupite nawo kumeneko, kapena itanani mlembi amene analembadi za Holocaust ndipo anadzikonzekeretsa kuilankhula pamaso pa ana. Koma kutenga munthu amene analemba nthabwala za apongozi n'kumuimika kutsogolo kuti afotokoze za msasa wopherako anthu wa Auschwitz chifukwa chongoti ndi Myuda, kumeneko ndi kumulakwira, ndipo ndi kulakwiranso ana. Mwana amene Myuda amangomudziwa ali wakufa m'buku la mbiri amakula osadziwa kuti anthuwa amaseka, amakangana za nsomba, amalemba nkhani zachikondi ndi za apolisi, ena amapemphera katatu pa tsiku ndipo ena sapondako kusunagoge.

Ife Amalawi tili ndi vuto lathulathu pa nkhaniyi. Ambirife tinakula Ayuda tikuwadziwira m'Baibulo mokha, ndipo pa Lachisanu Loyera tinkamva akuluakulu akunena kuti Ayuda anapha Yesu, ngati kuti mtundu wonse mpaka lero uli ndi mlandu. Mawu amenewo anakhetsa magazi ambiri ku Ulaya. Mpingo wa Katolika unawakana poyera mu 1965 m'chikalata cha Nostra Aetate, koma m'makutu mwathu anatsalira. Ena mwa ife timapita mbali inayo, kumuona Myuda ngati munthu wotsika m'masamba a Chipangano Chakale, n'kumafuna atidalitse. Zonsezi ndi njira zosamuonera munthu amene waima patsogolo pako. Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko mudzakaona pokhapokha mutamulola kumasula thumba lake.

Za Gaza ndiyankha mosapita m'mbali. Ana adzafunsa, ndipo ali ndi ufulu. Akuona zithunzi za ana anzawo pa foni, akudziwa kuti South Africa inakasumira Israel kukhoti la dziko lonse ku The Hague mu Disembala 2023, ndipo m'kalasi mwanu mwina muli ana Achisilamu ndi Achiyuda omwe kunyumba kwawo amalira pa nkhaniyi. Koma mlembi wobadwira ku Cape Town si kazembe wa boma la Israel, monganso ine si nduna ya boma la Malawi. Ayuda enieniwo amasiyana maganizo kwambiri pa nkhondoyi, ena mpaka kusiya kudyera limodzi. Mufunseni mlendo wanu tsiku lisanafike ngati akufuna kuyankha mafunso otere. Buku lake likakhala la Israel ndi Palestina, funsolo ndi lake ndipo akuliyembekezera. Likakhala la nthenga kapena la mwana wokonzekera bar mitzvah, mwambo wolandira mnyamata ngati munthu wamkulu pa chipembedzo, funsolo ndi lanu inu aphunzitsi. Muuzeni mwanayo kuti wafunsa chinthu chachikulu, muchipatsa nthawi yake m'kalasi, ndipo muchitedi zimenezo. Musamutontholetse mwana, komanso musathawe n'kusiya mlendo yekha pamoto.

Za malipiro

Ku America kuli dongosolo lakale. Mu 1925 Fanny Goldstein, wogwira ntchito mulaibulale ku Boston, anayambitsa sabata ya mabuku Achiyuda, yomwe inakula n'kukhala mwezi wathunthu chikondwerero cha Hanukkah chisanafike, ndipo m'menemo munabadwa Jewish Book Council. Chaka chilichonse bungweli limasonkhanitsa alembi, aliyense n'kupatsidwa mphindi 2 zokha kuti afotokoze buku lake pamaso pa nthumwi za masunagoge ndi malo osonkhanira Ayuda. Wosankhidwa amapita osalipiritsa, oitanawo n'kulipira ulendo ndi malo ogona. Kumeneko zimatheka chifukwa maholo ndi ambiri ndipo mabuku amagulidwa. Ndanena izi chifukwa wina wa m'komiti adzakuuzani kuti alembi amabwera ulere. Kuno msika wa mabuku ndi waung'ono, mlembi akabwera kwa inu wasiya ntchito ina ya tsikulo. Mulipireni. Maluwa sagula magetsi.

Ndipo kusunagoge musapite ndi nzeru za kutchalitchi. Sabata imayamba Lachisanu dzuwa likamalowa mpaka Loweruka mdima utagwa, ndipo m'masunagoge osunga mwambo kwambiri, omwe ndi ambiri m'dziko muno, nthawi imeneyo sagwira ndalama, salemba, sayatsa maikolofoni. Ndiye kuti buku silingagulitsidwe kapena kusayinidwa. Sankhani pakati pa sabata. Pewani Seputembala ndi Okutobala, pomwe pamakhala Chaka Chatsopano chawo, Tsiku la Chitetezero cha Machimo ndi chikondwerero cha Misasa, komanso nthawi ya Pasika mu Malichi kapena Epulo. Chakudya ndinachiphunzira m'khitchini ya agogo, momwe munali mbale za nyama pazokha ndi za mkaka pazokha, supuni imodzi ikasokonekera nyumba yonse imadziwa. Musaphike mandasi kunyumba n'kupita nawo, ngakhale ndi mtima wabwino. Gulani zomata zokhala ndi chizindikiro cha Beth Din, bwalo la arabi lomwe limavomereza zakudya, ndipo za kusukulu mungomufunsa mlendoyo ngati amasunga kosher, malamulo Achiyuda a zakudya, poti si onse amasunga. Pachipata pamakhala alonda, ndiye ngati mukufuna kupita ndi ana ena madzulowo perekani mayina msanga, anyamata muwauze kuti akavala kachipewa. Mumupatsenso mlembiyo maola opumula, chifukwa anthu a kusunagoge nkhaniyo amaidziwa kale ndipo amabwera kudzatsutsa, sizifanana ndi ana a zaka 14.

Komwe mungamupeze: yambani ndi laibulale ya Gitlin, muwauze msinkhu wa ana anu, akupatseni mabuku angapo a alembi omwe ali kuno. Onaninso mayina a omwe analankhulapo pa Jewish Literary Festival ya ku Cape Town. Werengani nokha, musankhe buku lomwe lakugwirani mtima, kenako muwerenge mutu umodzi ndi kalasi mlendo asanabwere. M'kalata yomuitana mulembe tsiku, nthawi, chiwerengero cha ana, ndi funso loti amalipiritsa zingati. Gawo la sukulu ndi la sunagoge mugwirizane molemba, ndipo alipidwe tsiku lomwelo. Muike tebulo la mabuku pakhomo, makolo muwauziretu mtengo. Ahedi akanena kuti ndalama palibe, apempheni kuti sukulu igule mabuku okwanira kalasi imodzi a mulaibulale, ndipo mumuuze mlembiyo zoona zake kuti asankhe yekha kubwera kapena ayi.