Kwa mayi amene akuopa msewu wa ku Cilaos

Mayi wina andilembera sabata yatha. Iwo ndi amuna awo akupita kutchuthi ku chilumba cha Réunion, ndipo popeza bambowo maso anayamba kuwavuta, chiwongolero chikhala m'manja mwa mayiwo. Akuti, “Ndaona zithunzi za msewu wopita ku Cilaos, thupi langa lonse lachita tsembwe. Ndibwereke galimoto kapena ndingozisiya?”

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga katatu, kenako ndinadzuka pampando n'kuyamba kuzungulirazungulira m'nyumba. Msewu umenewo, wokwera kupita ku tauni ya m'mapiri ya Cilaos, ndimaudziwa. Ndi pamene ndinatsala pang'ono kutaya banja langa lonse, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la mabuleki otentha m'mimba mwanga mumadula.

Tinali anayi, ine, akazi anga ndi ana athu awiri, m'kagalimoto kakang'ono kobwereka. Tinanyamuka ku Saint-Louis, kumphepete kwa nyanja, dzuwa litangotuluka. Eni chilumbacho amautchula msewu wa makona 400, ndipo sakokomeza. Ndi mtunda wa makilomita 30 ndi kena kake basi, koma umakuchotsani panyanja n'kukakusiyani pamalo okwera pafupifupi mamita 1,200. Mbali imodzi ndi khoma lathanthwe loti mukhoza kulikhudza mutatulutsa dzanja pawindo, mbali inayo ndi phompho, pansi penipeni mtsinje ukuoneka ngati ulusi. Pali malo pamene msewu umazungulira n'kudutsa pamwamba pa womwewo. Palinso mphanga zoboola phiri zokwana galimoto imodzi yokha, moti umaliza hutala usanalowe, n'kutchera khutu kuti umve ngati wina akuyankha kutsidya.

Ndinakwera bwinobwino. Apa mpamene ndikufuna mumvetse, chifukwa ndi pamene ndinapusitsika. Pokwera, phiri lenilenilo limakuthandiza. Ukachotsa phazi pamafuta galimoto imafooka yokha. Mantha anga onse anali pa chitunda, ndiye nditafika pamwamba n'kuona Piton des Neiges, phiri la mamita oposa 3,000, litaima bii kuseri kwa tauni, ndinati zovuta zatha. Tinayenda, tinajambulitsa zithunzi, ana anathamanga mpaka kutopa. Tinachedwa kunyamuka.

Potsika, nkhungu inali itakuta kale. Kumbuyo kwanga kunabwera pikapu, nyali zake zili gwa pagalasi langa. Sindikuganiza kuti mwini wake anali ndi mtima woipa, ayenera kuti ankangopita kwawo pamsewu umene amaudziwa ngati chikhatho chake. Koma ine ndinachita manyazi. Sindinafune kuoneka mlendo wamantha wotsekera anthu njira. Ndinaika giya 4, phazi n'kulisiya pabuleki, osaponda kwambiri, kungogwiriza. Kona, kugwiriza. Kona ina, kugwiriza. Phazi silinachokepo mwina kwa mphindi 20.

Choyamba chinali fungo, ngati mpoto wopserera pamoto. Kenako pakona ina ndinaponda, buleki n'kulowa pansi kuposa mmene imalowera, yofewa ngati ndaponda siponji yonyowa. Galimoto inachepetsa liwiro, koma mwaulesi, mosafuna. Ndinayang'ana pagalasi. Mwana wathu wamkazi anali m'tulo, kukamwa kuli yasa, mutu ukugunda pawindo pang'onopang'ono kona iliyonse. Akazi anga anagwira chogwirira cha pamwamba pa chitseko ndi manja awiri, osalankhula kanthu. Anali ataona nkhope yanga.

Ndinapopa buleki kangapo, inabwerako pang'ono. Ndinatsitsa giya kufika pa 3, kenako pa 2, injini n'kukuwa ngati iphulika, galimoto n'kugwira. Patsogolo pang'ono panali kamalo kopatukira, ndinalowapo n'kuima. Manja anakana kuchoka pachiwongolero.

Pikapu ija inadutsa, koma inaima chapatsogolo. Anatsika bambo wachikulire, anabwera n'kuyandikiza chikhatho pa tayala lakutsogolo osalikhudza, n'kuchibweza msanga. Chinenero sitinkamvana bwino, iwo Chikiliyo cha pachilumbapo ndi Chifalansa, ine mawu awiri atatu. Nditatenga botolo la madzi kuti ndithire pamabuleki anandigwira mkono n'kupukusa mutu. Anatola mwala n'kuuika kutsogolo kwa tayala, anandiuza ndi manja kuti ndisiye galimoto m'giya, nditsitse handibuleki. Kenako anandionetsa zala ziwiri, n'kuloza msewu wotsika, n'kundionetsanso zala ziwiri zomwezo. Giya 2. Anakhala nafe mpaka fungo linatha. Munthu yemwe ndinkamuopa kuti andiseka ndi yemwe anaima kudzandithandiza.

Nditabwerera kunyumba ndinakhala pansi n'kuwerengetsera, chifukwa ndinkafuna kumvetsa chimene chinandichitikira. Buleki sichita matsenga, imasandutsa liwiro kukhala kutentha. Galimoto yolemera makilogalamu 1,200 ikatsika mamita 1,200, mphamvu imene iyenera kutayidwa ndi yokwanira kuwiritsa malita oposa 40 a madzi ozizira. Mukatsika ndi buleki yokha, gawo lalikulu la kutenthako limathera pa tizitsulo tating'ono tili kuseri kwa matayala. Mapadi akatentha mopitirira amayamba kuterereka m'malo moluma. Choopsa kwambiri ndi mafuta a mabuleki. Amtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sawira mpaka madigiri 230, koma mafuta amenewa amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo akakalamba akhoza kuwira pa madigiri 155 okha. Akawira mumakhala thovu m'mapaipi, ndiye phazi lanu limangofinya thovulo osafika pamatayala. Taganizani tsono galimoto yobwereka, pachilumba chachinyezi chaka chonse, yoyendetsedwa ndi munthu wina sabata iliyonse. Ndani akudziwa kuti mafuta ake anasinthidwa liti? Pamene tinkatenga makiyi anatiuza zambiri za inshuwalansi ndi za kubweza thanki yodzaza, koma palibe anatchula mawu amodzi okhudza kutsika phiri. Zimenezi zimandipwetekabe mtima.

Ndipo pano ndilankhule mosapsatira. Aliyense amene amaphunzitsa anthu kuika galimoto pa nyutulo pamtsetse kuti asunge mafuta akuphunzitsa anthu imfa. Ineyo ndinaphunzitsidwa choncho, ndi munthu amene ankandikonda, ndipo ngakhale tsiku lija sindinaike nyutulo, maganizo akuti injini ikalira ndiye kuti ikuwonongeka anandichokera komweko. N'chifukwa chake ndinakakamira giya 4. Si zoona. Injini imapangidwa kuti izilira choncho. Ndipo galimoto za masiku ano, ukachotsa phazi pamafuta ili m'giya, kompyuta yake imatseka mafuta kotheratu, pamene pa nyutulo injini imamwabe kuti isazime. Ndiye palibe ngakhale dontho limene ukusunga. Ukungochotsa dzanja limodzi mwa manja awiri amene agwira galimoto.

Chinanso chimene ndaumirapo mtima ndi nkhani ya wakumbuyo. Musalole nyali za munthu wina kukuyendetsani. Iye ana anu sakuwadziwa. Misewu yotere imakhala ndi timalo topatukira pafupipafupi, mumayatsa indiketa, mumapatuka, iye amadutsa, nthawi zambiri n'kukukwezerani dzanja. Zatha. Ine ndikanachita zimenezo pakona yachitatu, nkhaniyi sindikanailemba.

Nthawi zina ndimaganiza za anthu akale a kumeneko. Msewuwu unatsegulidwa mu 1932. Zisanatero, anthu olemera opita kukasamba ku akasupe otentha a ku Cilaos ankanyamulidwa pamipando, amuna atasenza pamapewa, m'tinjira ta m'mphepete mwa phompho lomwelo. Ndipo kale kwambiri, amene anayamba kukhala m'mapiri amenewo anali akapolo othawa, anasankha malowo chifukwa chakuti munthu safikako mosavuta. Malo otero munthu sungalowemo mwaphuma ngati ukupita kumsika. Ife tinapatsa tsikulo maola ochepa chifukwa tinkafuna kuona zinthu zitatu tsiku limodzi, ndipo kuchedwa kunyamuka kuja n'kumene kunabala zonse.

Za mvula

Réunion ndi chilumba cha mvula yoopsa. Mu January 1966, pamalo otchedwa Foc-Foc panagwa mvula ya mamilimita 1,825 m'maola 24, imodzi mwa mvula zochuluka zedi zimene zinayezedwapo padziko lonse. Nyengo ya anamondwe imayambira cha mu November mpaka April. Mvula ikagwa miyala imagumuka kuchokera pamwamba, ndipo msewu wa ku Cilaos umatsekedwa nthawi zina. Simunandiuze mwezi umene mukupita. Ngati usiku kwagwa chimvula, funsani kumene mwagonako ngati msewu uli wotsegula, ndipo akakayikira khalani. Ngakhale nyengo yabwino, mitambo imayamba kudzaza m'zigwa dzuwa lisanafike pamutu, ndiye wolawirira ndi amene amaona phiri.

   Ku Réunion amayenda kumanja, monga ku France, popeza ndi gawo la dzikolo, ndipo malamulo ake ndi omwewo. Limodzi mwa malamulowo likukukhudzani: pamsewu wopanikiza wa m'phiri, wotsika ndi amene amayamba kuima kuti wokwera adutse.

Tsono funso lanu lija. Bwerekani, mayi. Mantha muli nawowo ndi abwino, ine ndinalibe. Tengani galimoto yaing'ono, osati yaikulu yooneka yamphamvu, chifukwa mphanga zija ndi makona aja amafuna yopyapyala. Ngati munazolowera kuyenda kumanzere, pemphani ya automatic nthawi ikadalipo, popeza zambiri kumeneko ndi za manual ndipo simukufuna kuphunzira kusintha giya ndi dzanja lina muli pakona. Musanachoke pamalo obwerekera, auzeni akuonetseni mmene mungaitsekere pagiya yotsika, kaya ndi L, kaya 2, kaya B, kaya kachizindikiro kochotsera. Tsiku loyamba yendani m'mphepete mwa nyanja kuti muzolowere, ku Cilaos mupite tsiku lachitatu, ndipo mukagone komweko kuti mudzatsike m'mawa muli ndi mphamvu. Tsikani ndi giya yomwe munakwerera. Buleki muziponda mwamphamvu kwa kanthawi musanalowe pakona, kenako chotsani phazi kotheratu kuti ipume. Mukamva fungo imani pomwepo, osadikira kuti ifewe. Amuna anu akhale maso anu a mapu ndi a timalo topatukira, inu maso pamsewu basi.

Mukadzuka tsikulo n'kumva kuti mtima ukukana, siyani galimoto ku Saint-Louis. Basi yopita ku Cilaos ilipo, ndipo madalaivala ake amadutsa m'mphanga zija tsiku ndi tsiku, magalasi atatsala pang'ono kukhudza thanthwe. Mukakhale mbali ya windo.